Malata alipo, nanga tiwakhome pati?

Chibwerereni mu Lilongwe muno ndasamuka kasanu ndi kawiri. Ndinayambira kwa Chinsapo, kenako Mtandire, kenako ku 36, ndinabwereranso kwa Chinsapo, kuzungulira choncho ndi mabedi pa lole ya hayala mpaka pano mwana wanga wamng'ono akangoona ndikusonkhanitsa makatoni amayamba kufunsa kuti amama tikusamukanso? Ulendo womaliza ndi umene unandiwawa kwambiri chifukwa sitinalakwe kanthu, lendi timapereka pa 30 pakangokwana, ana timawaletsa kusewera pa khonde la eni ake, koma a landilodi anangotulukira madzulo ena ndi kakope kawo m'manja nkunena kuti mayi, kuyambira mwezi wamawa nyumba yakwera, simenti yadula, ngati simukwanitsa nenani msanga pali anthu atatu akuifuna. Khoma la nyumba imeneyo chilowereni ife silinapakidwepo olo laimu, ndipo pakona pa chipinda cha ana timatchera beseni mvula ikamagwa. Koma sindinayankhe. Wa lendi alibe poimira, ukayankha lero mawa upeza mapoto ako ali panja.

Amene simunakhaleko pa mdadada mwina simungamvetse bwinobwino. Zitseko zisanu ndi zitatu kuyang'ana mbali imodzi, chimbudzi chimodzi, bafa limodzi la chiguduli pakhomo, chingwe choyanikira chimodzi chimene chimayambanitsa azimayi kuposa china chilichonse. Ikamakwana 5 koloko m'mawa ndowa zandanda kale pakhomo pa bafa, aliyense waika yake kuti imusungire malo, ndipo ngati mwana wako watsegula m'mimba usiku umenewo ndiye umangopemphera kuti kuche msanga. Madzi ndi a ku kiyosiki, kulipira ndowa ndi ndowa, akasiya kutuluka masiku atatu ndiye kukagula pa chitsime cha munthu chimene chili mapazi khumi kuchokera pa chimbudzi chake. Ine ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulaiveti, bambo a kunyumba amasoka nsapato ndi zikwama mumsika, olemera sindife koma ulesi tilibe, ndipo pafupifupi theka la zimene ndimalandira ine limakhala lapita kale ku lendi mwezi usanafike ndi pa 5 pomwe.

Nde nkhani ya nyumba ikamakambidwa pa wailesi, kaya ndi nduna ikuyala mwala wa maziko kaya ndi aphungu akutsutsana ku Nyumba ya Malamulo, ine ndimasiya zimene ndikuchita nkukweza wailesi. Ndamvetsera zaka zambiri ndithu. Ndipo chimene ndaona nchakuti boma lililonse limene labwera limaganiza kuti vuto la munthu wosauka ndi kumanga. Ayi ndithu, kumanga timadziwa. Pitani kwa Mgona, kwa Senti, ku Kauma, ku Mbayani, kwa Ntopwa, ku Mchengautuwa ku Mzuzu uko, nyumba zonse zija masauzande ndi masauzande anamanga ndi anthu eni ake, kuumba okha zidina, kugula lata limodzilimodzi, kuitana mlamu amene amadziwako zomangamanga nkumuphikira nsima ya nyama. Chimene tilibe ndi pomanga. Malo oti ukakumba maziko ugone tulo podziwa kuti palibe amene adzabwere ndi pepala lina kapena ndi chigalimoto chogumulira, malo oti pali msewu, pali ngalande, madzi ali pafupi, komanso oti sali kutali mpaka ndalama yonse kuthera kwa kondakitala wa minibasi.

Chimene chimandipweteka mtima nchakuti dziko lino njira imeneyi linaidziwapo kale, si yachilendo ayi. Malawi Housing Corporation (MHC), bungwe la boma loona za nyumba, inakhazikitsidwa mu 1964, chaka chomwe tinalandira ufulu, ndipo kupatula nyumba zake zochititsa lendi zija za ku Area 18, ku Nkolokosa, ku Chitawira ndi kwina, inkayang'aniranso malo amene ankatchedwa Traditional Housing Areas. Kawale, Chilinde, Area 25, Bangwe, Zingwangwa, mbali zambiri za madera amenewa ndi mapoloti a mtundu umenewo. Nzeru yake inali yosavuta: boma lidule mapoloti, liike mabikoni, lilambule misewu, libweretse madzi pafupi, munthu apatsidwe poloti nkumalipira kandalama kochepa pa chaka, ndiye amange yekha ndi zimene angakwanitse, olo zidina, nkumaikonza pang'onopang'ono thumba likamalola.

Malume anga anali mesenjala ku Capital Hill likulu litangosamuka kuchoka ku Zomba mu 1975. Iwowa analandira poloti ku Area 25. Anayamba ndi zipinda ziwiri za zidina, malata akale ogula kwa munthu, pansi pozira ndi dothi, ndipo amandiuza kuti chaka choyamba mawindo ankatseka ndi makatoni. Lero mukafika pamalopo pali nyumba ya njerwa zootcha ya zipinda zinayi, kuseli kuli timanyumba tiwiri ta lendi, pabwalo pali mtengo wa mango ndi wa mapeyala imene anadzala okha, ndipo ndalama ya timanyumba tiwiri timeneto ndi imene inaphunzitsa ana awo onse asanu, ndi imenenso ikuwagulira mankhwala a shuga pano pamene anapuma ntchito. Mesenjala, munthu wa malipiro apansi zedi m'boma. Sanapatsidwe nyumba, sanapatsidwe lata olo limodzi, anangopatsidwa dothi lokhala ndi nambala basi. Ndikakhala nawo pa khonde paja amakonda kundilozera bikoni ya pakona, kachitsulo ka m'simenti kamene kanakwiririka theka ndi dothi, nkumati kameneka ndi kamene kanawapanga munthu m'tauni muno. Ine ndili ndi satifiketi ya uphunzitsi, iwo anathera Sitandade 6, koma chimene iwo anachipeza ali ndi zaka zosakwana 30 ine ndikuchisakabe ndi imvi.

Zinasokonekera pati? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 malo amenewa anaperekedwa m'manja mwa makhonsolo a mizinda, koma makhonsolowo analibe mphamvu ya ndalama yodulira mapoloti atsopano ochuluka, pamene anthu akungobwerabe kuchokera kumidzi ndipo ana obadwira m'tauni momwemo akukula nkufuna pawo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni, mzinda wa Lilongwe wokha anthu pafupifupi 990,000, Blantyre 800,000, Mzuzu 220,000, ndipo apa papita kale zaka zingapo, lero tachulukirapo. Bungwe la UN-Habitat, nthambi ya United Nations yoona za malo okhala anthu, linawerengetsapo kuti m'matauni mwathu mumafunika nyumba zatsopano pafupifupi 21,000 chaka chilichonse. Nyumba zonse zimene MHC ili nazo m'dziko muno ndi masauzande ochepa chabe, sizifika ndi pa chiwerengero cha chaka chimodzi chokhacho. Ndiye ena tonsefe tikanapita kuti? Tinapita kwa mafumu a m'mphepete mwa tauni, ndipo lero anthu oposa theka a m'mizinda yathu tikukhala m'malo amene a zamapulani amati ndi osavomerezeka. Ndipo taonani mmene malowa anakhalira, Mtandire wagundana ndi Area 47, Kauma ali kufupi ndi Area 12, Ndirande akuyang'anizana ndi Nyambadwe. Sizinangochitika. Mlonda, wantchito wa m'nyumba, wosamalira maluwa, onsewa amayenera kufika pa geti la abwana 6 koloko wapansi, ndiye amamanga pamene miyendo ingafike. Tauni imafuna manja athu koma sinatikonzere pogona.

Tibwere ku sabuside ya malata ndi simenti ija imene boma la a Peter Mutharika linayambitsa mu 2014. Sindikufuna kuinyoza yonse ayi chifukwa ndinaona ndi maso anga zimene inachita. Azakhali anga kumudzi ku Ntchisi, mayi wamasiye, chaka ndi chaka ankavutika kumweta udzu ndi kugula pulasitiki yofolera, mvula ikagwa usiku amagona chokhala atafunda chitenje pakona pamene sipakudontha. Dzina lawo litatuluka analandira malata ndi matumba a simenti, ndipo tsiku lokhoma denga anaphika thobwa mudzi wonse kumwa, iwo kumangolowa nkutuluka, kulowa nkutuluka, kuyang'ana kumwamba. Chisangalalo chimenecho ndinachiona ndipo palibe angandiuze kuti chinali chabodza. Koma ndondomekoyi inkatenga mabanja ngati 80 okha pa dera la phungu aliyense pa chaka, ndipo kuti upindule umayenera kukhala kale ndi malo ako ndi njerwa zako. Nanga ine wa pa mdadada, atandipatsa malatawo ndikawakhoma pati? Pa nyumba ya a landilodi kuti mwezi wamawa andikwezere lendi poti denga ndi latsopano? Chinanso, theka la mtengo wa katunduyo inali ngongole yoti munthu abweze, koma ambiri sanabweze, ena ankati ndi mphatso ya chipani, ena panalibe amene anawalondola, ena analibiretu chobweza, ndiye thumba limene limayenera kumazungulira kuti lifikire ena linangouma. Boma litasintha mu 2020 ndondomekoyo inaima, ndipo amene anali ataumba njerwa kudikira chaka chawo anangotsala nazo zikumera ndere.

Boma la a Lazarus Chakwera linaika mtima pa nyumba 10,000 za apolisi, asilikali, a ndende ndi a imigireshoni. Zimenezo ndikugwirizana nazo, amene analowapo m'malayini akale a apolisi amadziwa mmene anthu amapanikizirana mmenemo. Koma kumeneko ndi bwana kumangira antchito ake, si ndondomeko ya pokhala pa anthu wamba. Wa kabaza mulibe mmenemo, mayi wa tomato mulibe, mphunzitsi wa pulaiveti ngati ine mulibe.

Anzanga ena a m'maofesi amati bwanji osakatenga ngongole ya nyumba ku banki. Kale kunali New Building Society imene ntchito yake yeniyeni inali ngongole za nyumba, mu 2004 inasanduka banki ngati mabanki ena onse. Lero kuti banki iliyonse ikutchere khutu pamafunika title deed, pamafunika payslip yooneka bwino, pamafunika ndalama yako yoyambira, ndipo chiwongola dzanja chake nchoopsa, mu 2024 Reserve Bank inakweza mlingo wake kufika pa 26 peresenti ndiye mabanki amaikanso chawo pamwamba pa pamenepo. Chaka chomwecho malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali K90,000 pa mwezi. Munthu wa K90,000 ndi chiwongola dzanja chotere angakumane pati? Kuonjezera apo kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ine ndinaona ndekha ku hadiweya mitengo ya malata, misomali ndi simenti ikusintha m'sabata imodzi, ndalama imene ndinasunga yoti ndigule malata 20 inangokwanira 12, ndinabwerera kunyumba mutu uli pansi. Banki ya munthu wosauka ndi banki m'khonde, chipereganyu, zikavutitsitsa katapila, ndipo ndi ndalama zimenezi zimene zamanga theka la Lilongwe, kungoti palibe amene amazilemba m'malipoti.

Nanenso ndinayesa njira ya kwa amfumu. Gulu lathu la banki m'khonde titagawana mu Disembala chaka china, ndinaphatikiza ndi kandalama ka bambo a kunyumba nkukagula poloti kunja kwa tauni, cha ku msewu wa ku Mchinji uko. Dobadoba anatitengera kwa amfumu, amfumu anatuma nduna yawo kuti ikayeze, kuyeza kwake kwa mapazi, kuwerenga uku akuyenda, m'makona tinadzala nkhadze, kenako anatilembera kalata pa pepala lothothola m'kope, chidindo kudinda, mboni ziwiri kusaina, ife kupereka ya malo, ya amfumu, ya mboni, ya dobadoba. Usiku umenewo sindinagone ndi chimwemwe. Pepala lija ndinalikulunga mu jumbo nkuliika pakati pa Baibulo, ndipo ana ndinawauza kuti tsopano tili ndi kwathu. Chilimwe chotsatira tinaumba njerwa, Loweruka lililonse banja lonse kupita ndi chikombole ndi mbatata yophika, mwana wamkulu kuponda dothi, ine kutunga madzi ku dambo, mpaka tinaotcha uvuni umodzi wabwino ndithu. Kenako ndinadwala, panapita miyezi itatu osapondako. Tsiku lomwe tinapitako tinapeza maziko akumbidwa kale pakati penipeni pa poloti yathu, nkhadze zazulidwa, bambo wina ali ndi wilibala akuthira konkire.

Bamboyo sanathawe, sanakalipe, anangopisa m'thumba nkutulutsa pepala lake. La m'kope ngati lathu, chidindo chomwecho. Si wakuba munthu uja, ndi mlonda wa usiku, ndalama yake ndi ya thukuta ngati yathu, ndipo titayang'anizana ndinaona mantha omwe anali mwa ine ali m'maso mwakenso. Zinadzadziwika kuti mundawo bambo mwini wake anagulitsa kwa ife, mwana wake nkugulitsanso kwa uja. Pa bwalo anagamula kuti popeza mnzathuyo wathira kale simenti, ife atipatse malo ena chakumunsi kufupi ndi dambo, kumene mwezi wa Febuluwale madzi amafika m'mawondo. Tinakana. Nkhani inakwera kwa a gulupu ndipo ikadali komweko. Ndikamafotokoza zimenezi pa gulu lathu palibe amadabwa, aliyense ali ndi mchemwali kapena neba amene zinamuchitikira.

Malamulo alipo, eti. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano a malo, kuphatikizapo la malo a makolo, nkuwakonzanso mu 2022. Ukawamva ndi abwino ndithu, munthu atha kulembetsa malo ake nkukhala ndi chikalata chenicheni, pamakhala komiti ya malo ya m'mudzi imene mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa atatu ayenera kukhala amayi, pali ndi mabwalo oweruza mikangano ya malo. Koma kumene akufunika mwachangu, m'mphepete mwa mizinda momwe munda wa chimanga ukusanduka mapoloti khumi pa mwezi umodzi, ndi kumene mapazi ndi pepala la m'kope zikulamulirabe. Ndipo m'tauni momwemo eni malo ndi ambiri, unduna wa za malo uli ndi ake, khonsolo ili ndi ake, MHC ili ndi ake, mafumu nawonso akuti ndi a makolo awo, munthu wamba sadziwa ndi chitseko choti agogode chomwe. Kuti upeze lizi pamafunika saveya, mapu, mafomu, maulendo obwerezabwereza, ndipo wa ganyu tsiku lililonse lomwe wakhala pa benchi ya ofesi ndi tsiku lomwe ana agona ndi njala. Mapeto ake amene amakwanitsa ndi amene ali kale ndi nyumba zitatu.

Ena amaona ngati nkhani ya mapoloti ndi ya chuma chabe. Namondwe wa Freddy anationetsa kuti ndi ya moyo ndi imfa. Mu Malichi 2023 anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, oposa 600,000 anasowa pokhala, ndipo ku Blantyre matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakokolola nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja anthu ali momwemo. Msuweni wanga ankachita lendi ku Chilobwe, anathawa ndi ana awiri ndi zovala za m'thupi zokha, banja la chitseko choyandikana nalo silinatuluke. Maliro asanathe ndinaona anthu pa Facebook akulemba kuti nanga anamangiranji m'phiri, ndi umbuli. Ndinalira ndi ukali. Palibe munthu amene amakonda kusenza ndowa ya madzi kukwera nayo phiri tsiku ndi tsiku, palibe amene sadziwa kuti mwala umagubuduka. Anthu amapita m'phiri ndi m'mphepete mwa mitsinje chifukwa ndi malo okhawo amene atsala pa mtengo umene angaufikire. Msuweni wangayo atachoka ku kampu ya pa sukulu anabwerera ku Chilobwe komweko, nyumba ina, chakumunsi pang'ono, chifukwa geni yake ya mandasi ndi makasitomala ake ali komweko. Mukamuuza kuti samuka, muuzeninso kopita, ndipo kukhale koti akafika adya.

Pali chinthu china chimene ndimafuna anthu a m'boma atamachikumbukira. Cha m'ma 2003 amayi a ku Mtandire ndi madera ena anayamba timagulu tosunga ndalama tsiku ndi tsiku, timene tinadzakhala Malawi Homeless People's Federation, mothandizana ndi bungwe lina losakhala la boma lotchedwa CCODE. Anakhazikitsa thumba lawo la ngongole za nyumba nkulitcha Mchenga, ndipo dzinalo ine limandigwira mtima chifukwa kamchenga kamodzi sikaoneka ndi maso komwe koma palibe nyumba imaima popanda mchenga. Amayi amenewa sanapemphe nyumba, anapempha malo. Atapatsidwa malo ku Area 49 ku Lilongwe, kwa Angelo Goveya ku Blantyre komanso ku Mzuzu, anamanga okha nyumba mazanamazana, za zidina, pa mapoloti ang'onoang'ono kuposa amene a zamapulani anazolowera, iwo eni kuumba, iwo eni kutunga madzi, iwo eni kusunga mabuku a ngongole. Sizinayende zonse bwino, kubweza ngongole kunavuta kwa ena. Koma nyumbazo zilipo mpaka lero, mutha kupita kukaziona, mukukhala anthu amene banki iliyonse ikanawabweza pa geti. Mbali ya boma inali imodzi yokha, kupereka dothi ndi kuvomera kuti nyumba ya wosauka isayezedwe ndi muyezo wa ku Area 10.

Nkhani ya muyezoyi ndi yaikulu kuposa mmene imaonekera. Mu 2018 kunabwera lamulo loletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zikuluzikulu, ndipo ine ngakhale ndinaotcha uvuni wanga ndikuvomereza kuti mitengo yatha, nkhuni zimene tinagula zinali mitengo ya mango ya munthu wina, zinandimvetsa chisoni. Koma mabuloko a simenti wosauka sangawafikire. Bwanji osaphunzitsa achinyamata m'madera kuumba njerwa za dothi zothira simenti pang'ono zija zopanikiza ndi makina a pamanja, makinawo nkumabwereketsa pa khonsolo kapena pa gulu? Bwanji osanena poyera kuti nyumba ya zidina ya maziko olimba, khonde lotchinga mvula ndi denga labwino ndi nyumba yovomerezeka? Ya malume anga inaima zaka zoposa 20 isanasinthidwe.

Ndiye ndikanakhala ndi mwayi wokhala pansi ndi nduna ya za malo ndi nyumba, sindikanapempha kuponi. Ndikanati bwana, ndalama zimene mumaika pa zogawagawa ziikeni pogula minda ya m'mphepete mwa tauni isanaduliridwe ndi mapazi, eni minda alipidwe bwino, mafumu akhale nawo pa tebulo chifukwa kuwasiya kunja ndi kudzinamiza, mudule mapoloti ang'ono okwana zipinda zitatu ndi chimbudzi, mulambule msewu olo wa fumbi, mukumbe ngalande, muike kiyosiki, musiye malo a sukulu ndi msika, ndipo munthu azilipira pang'onopang'ono pa foni mwezi ndi mwezi monga mmene amalipirira lendi, akamaliza chikalata nchake. Maina a olandira amatidwe pa bolodi poyera, munthu mmodzi poloti imodzi, chifukwa tikudziwa tonse kuti mapoloti a osauka akangotuluka mabwana amatumiza alonda awo ndi adzukulu awo kukaima pa mzere. Ndipo mipanda italiitali ija yozinga udzu wokhawokha, imene yakhala zaka khumi mkati mwa tauni mwini wake akudikira kuti mtengo ukwere, pamene lizi imanena kuti umange m'nthawi yoikika, imeneyo bwanji osaifunsa? Kumene anthu anamanga kale ngati Mtandire ndi Ndirande musabwere ndi chigalimoto chogumulira, bwerani ndi saveya ndi mapaipi, anthu eni ake adzakuuzani pamene msewu ungadutse ndipo ena adzasuntha mipanda yawo mwa kufuna kwawo akaona kuti ambulansi iyamba kufika pakhomo.

Ndipo musatiiwale ife a lendi, chifukwa m'madera amenewa ndife ochuluka zedi koma m'ndondomeko zonse zimene ndamva dzina lathu silimveka. Sindikunena kuti boma liziika mtengo wa lendi ayi, a landilodi ambiri a kuno si anthu olemera, ndi agogo ngati malume anga amene timanyumba ta kuseli ndiye penshoni yawo, mukawafinya angosiya kumanga ndipo tivutikenso ndife. Koma pakhale lamulo losavuta loti aliyense alidziwe, lendi isakwere popanda chidziwitso cha miyezi ingapo, munthu asatulutsidwe usiku kapena kuzulidwa chitseko, risiti iperekedwe, zitseko zikapyola zakutizakuti chimbudzi chikhale chachiwiri, ndipo pakhale kokadandaula kwa pafupi kosafuna loya. Kenako a landilodi ang'onoang'onowo apatsidwe ngongole zofewa zoonjezera zipinda ndi zimbudzi, chifukwa zipinda zikachuluka palibe adzandiopseze kuti pali anthu atatu akuifuna.

Malata 12 aja alipo. Sindingawasunge pa mdadada chifukwa malo palibe komanso angabedwe, ndiye ali ku Area 25 kuseli kwa nyumba ya malume, tinawatsamiritsa ku khoma nkuika matabwa pansi kuti asachite dzimbiri, ndipo malume amawawerenga m'mawa uliwonse ngati nkhuku. Njerwa zili ku poloti kuja, tinazisunthira m'mphepete mwa msewu, mlonda uja ndi amene amatiyang'anira, anadzipereka yekha, ndipo akaona ana akuzigumula amatiimbira foni. Loweruka likubwerali tikupita ndi pulasitiki kukazifunditsa mvula isanayambe, ndipo tikadutsiranso kwa a gulupu kukamva ngati tsiku la mlandu wathu laikidwa.